Belu Limene Silinalire pa Domwe

Mlamu wanga anagula boti la matanga mu 2022, kwa mzungu wina wa ku South Africa amene ankatsanzika kubwerera kwawo. Linali la fibreglass, lotalika mamita 7.5, lachikale ndithu koma lolimba. Cholinga chake chinali choti azinyamula alendo obwera ku Cape Maclear, kupita nawo kukasambira ndi mbuna ku Thumbi, kukadya nkhomaliro ku Domwe, ndipo mphepo ikalola, kukafika mpaka ku Mumbo. Ine ndinkapitako kawirikawiri kumapeto kwa sabata, moti zimene ndikulembazi ndinaziona ndili m'botimo.

Amene anazolowera bwato la nkhafi kapena boti la matabwa la asodzi ayambe wamvetsa chinthu chimodzi. Bwato limayenda pamwamba, lingadutse ngakhale pamadzi olekeza m'mawondo. Boti la matanga la mtundu uwu lili ndi chipsepse cholemera chachitsulo kunsi kwake, chimene amalinyero amati keel. Ndi chimene chimaliletsa kugudubuzika mphepo ikakankha thanga, ndiponso kutsetsereka cham'mbali. Keel ya mlamu wangayo inkafika mamita 1.5 kuchokera pamwamba pa madzi. Ndiye kuti pamalo pamene munthu wamtali angaime madzi n'kumulekeza m'mapewa, botilo lagunda kale pansi. Woyendetsa saiona keel, ndipo nthawi zambiri pansi pa nyanja sapaonanso. Amayang'ana nambala pa kasikirini, n'kuikhulupirira.

Botilo linabwera ndi chipangizo chake chakale, chotsika mtengo, chokhala ndi sikirini imodzi yotuwa yosonyeza zinthu ziwiri: kuya kwa madzi ndi liwiro la boti. Kayezedwe ka kuya n'kosavuta kumva. Kunsi kwa boti kumakhala kanthu kooneka ngati chivindikiro cha botolo lalikulu, kotchedwa transducer. Kamatumiza pansi phokoso lopyapyala limene khutu la munthu silimva, kenako n'kumvetsera kuti libwerera liti. M'madzi phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, choncho pamadzi akuya mamita 3, ulendo wopita ndi kubwera umatenga zigawo 4 zokha mwa zigawo 1,000 za sekondi. Chipangizo chimawerenga kanthawi kameneko n'kukasandutsa mamita. Nzeruyi ndi yakale ndithu: Alexander Behm wa ku Germany anailembetsa mu 1913, patangotha chaka chimodzi sitima ya Titanic itamira. Kumbuyoko amalinyero ankaponya chingwe chokhala ndi mtovu kumapeto, n'kuwerenga zizindikiro za pachingwepo.

Liwiro limayezedwa ndi kagudumu kakang'ono, kosaposa chala chachikulu, kotulukira pang'ono kunsi kwa boti. Madzi akamadutsa kamazungulira, timaginito ta m'katimo n'kumatumiza chizindikiro ku sikirini. Yankho limabwera mu ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Dzinali nalonso linachokera kuchingwe: kale ankaponya kathabwa kumbuyo kwa sitima n'kuwerenga mfundo za chingwe zimene zadutsa m'manja panthawi yoikika.

Chipangizo chakalecho chinkamutopetsa mlamu wanga, ndipo sankanama. Dzuwa likakhala paliwombo manambala sankaoneka bwino, ankachita kuphimba ndi dzanja. M'mawa mkati mwa galasi munkachita nthunzi. Boti likapendekeka ndi mphepo, nambala ya kuya inkasowa n'kutsala timizere. Nthawi zina tili pakati pa nyanja, kutali ndi gombe, chinkangoti mamita 2, mtima n'kudumpha, pomwe ndi gulu la usipa likudutsa kunsi. Kagudumu ka liwiro kankagwidwa ndi ndere boti likangokhala milungu iwiri osayenda. Alendo ena, amene kwawo ali ndi maboti awo, ankachiyang'ana n'kumwetulira, ndipo zimenezo zinkamupweteka mtima koposa zonsezo.

Koma ndikakumbukira mmene tinkayendera masiku amenewo, ndimaona chinthu chimene panthawiyo sitinkachiwerengera. Poti chipangizocho sankachikhulupirira, mlamu wanga analemba ntchito mkulu wina wa m'mudzi wa Chembe, msodzi wopuma, amene tonse tinkangomutchula kuti Madala. Tikamayandikira chilumba, Madala ankapita kutsogolo kwa boti, dzanja limodzi atagwira waya wa mlongoti, maso ali pamadzi. Ankawerenga mtundu wa madzi monga ife timawerengera nyuzipepala: obiriwira moderapo ndi akuya, owala ngati galasi la botolo ndi mchenga wosaya, chigamba chofiirira ndi thanthwe. Akakweza dzanja, mlamu wanga ankamasula chingwe cha thanga, boti n'kumayenda ngati likunyang'ama. Kwa zaka ziwiri keel sinakhudzepo mwala.

Nkhani yogula chatsopano inayamba chakumapeto kwa 2023. Tinakhala pakhonde usiku wina, foni ili m'manja, tikuona zimene zili pamsika. Mbali imodzi kuli zipangizo zodziimira pazokha, monga za Clipper zimene imapanga kampani ya NASA Marine ya ku Stevenage, ku England. Dzinali lisakusokonezeni, si bungwe lija la ku America loona za kuthambo. Zoterezi zimakhala ndi sikirini yake, waya wake ndi transducer yake, basi. Mbali inayo kuli za makampani monga Raymarine, B&G ndi Garmin, zimene zimalumikizana zonse pawaya mmodzi wotchedwa NMEA 2000. Pawaya ameneyo pamadutsa kuya, liwiro, kutentha kwa madzi, mphepo, GPS, ndipo sikirini iliyonse ingathe kusonyeza chilichonse. Chimene ogula ambiri sadziwa n'chakuti kanthu ka pansi pa boti kaja, pa zida zambiri zotchukazi, kamapangidwa ndi kampani ina, Airmar ya ku New Hampshire, ku America. Ndalama zambiri zimapita pa sikirini ndi pa kulumikizana kwake.

Mtengo wa zimene mlamu wanga anasankha unali kuwirikiza kangapo mtengo wa zotchipazo. Kuwonjezera apo, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wogula ndi ndalama zakunja anakwera tsiku limodzi. Mlongo wanga anadandaula, nati ndalamazo zikanakonza denga la zipinda za alendo. Ine ndinaikira kumbuyo mlamu wanga. Ndinati, "Alamu, pamadzi mumanyamula miyoyo ya anthu. Gulani chabwino, mugone tulo." Mawu amenewo ndimawakumbukirabe, chifukwa anali oona theka lokha, ndipo theka losowalo ndi limene linatipweteka.

Katunduyo anabwera kudzera ku Johannesburg, m'katoni yokongola. Dzina la kampani yake ndilisiya, popeza iwo sanalakwe kanthu. Boti linakokeredwa kumtunda pa ngolo yake, ndipo anaitana mnyamata wina wodziwa za magetsi a galimoto ndi a sola kuti amange. Anagwira ntchito yaukhondo. Anakulitsa bowo lakale la kunsi kwa boti kufika pafupifupi masentimita 5, anamata bwinobwino kuti madzi asalowe, mawaya anawayala mwadongosolo. Boti litabwerera pamadzi, sikirini inayaka ndi manambala akuluakulu oti ungawerenge uli kutsogolo, dzuwa lili phwee. Tinaombera m'manja.

M'katonimo munalinso kabuku ka Chingerezi. Palibe anakatsegula.

M'kabukumo muli tsamba lonena za chinthu chotchedwa offset, ndipo aliyense wofuna kugula chipangizo chotere, chodula kapena chotchipa, aime kaye pano. Transducer imayeza mtunda wochokera pamene iyo yakhala kufika pansi pa nyanja. Siidziwa kuti pamwamba pa madzi ndi pati, siidziwanso kuti keel yatsika kufika pati. Choncho nambala ya pasikirini ingathe kutanthauza zinthu zitatu zosiyana: kuya konse kuchokera pamwamba pa madzi, kuya kuchokera pa transducer, kapena mpata umene watsala kunsi kwa keel. Mwini boti ndi amene amasankha, polowetsa nambala yowonjezera kapena yochotsera. Akapanda kulowetsa kanthu, chipangizo chimangowerenga kuchokera pa transducer. Mzungu uja, zaka zambiri m'mbuyomo, anakonza chipangizo chakale kuti chizisonyeza mpata wa kunsi kwa keel, ndipo anamuuza mlamu wanga kuti akaona ziro ndiye kuti wagunda. Mlamu wanga anazolowera kuwerenga choncho. Chatsopanocho chinabwera chilibe chochotsera chilichonse, iye n'kumachiwerengabe mwachizolowezi chakale. Anatchera belu lochenjeza kuti lizilira pakatsala mita imodzi, mtima wake n'kukhala pansi.

Pang'onopang'ono mayendedwe athu anasintha. Nambala sinkasowanso, boti lipendekeke kapena ayi. Sinkanamanso za usipa pafupipafupi. Munthu ukakhala ndi mnzako amene sanakunamizepo, umasiya kufunsa ena. Madala anayamba kukhala kumbuyo, kutsegulira alendo zakumwa ndi kuwotcha kampango pagombe. Sanachotsedwe ntchito, ndipo palibe anawauza kuti asamapite kutsogolo. Zinangozilala zokha.

Kenako kunabwera madzi a 2024. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja akukumbukira. Chaka ndi chaka nyanja imadzaza chakumapeto kwa dzinja, cha mu April ndi May, n'kumaphwera mpaka mvula itayambanso, ndipo kusiyana kwake kumakhala cha m'ma mita imodzi. Chaka chimenecho inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, msinkhu umene anthu anali asanauone kwa zaka zambiri. Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota mchenga wa m'magombe unamira, madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Ambiri ankaganiza kuti kwa woyendetsa boti madzi ochuluka ndi mwayi, poti pansi patalikira. Koma kuzungulira zilumba za ku Cape Maclear kuli miyala ikuluikulu yoburungika, yosanjikizana ngati maungu m'nkhokwe. Ina mwa miyala imene kale inkatulutsa mitu, mbalame n'kumaterapo, chaka chimenecho inabisala pansi pa madzi pang'ono chabe. Mwala wooneka umadzichenjeza wokha. Womira theka la mita ndi umene umadikira keel.

Linali Loweruka la mu June, mwera utayamba. Tinanyamula alendo anayi, kuwonjezera pa ine, mlamu wanga ndi Madala. Boti linali litakhala pa nangula milungu itatu chifukwa cha kuchepa kwa alendo. Tinkalowera kugombe lina laling'ono la ku Domwe kumene tinkakonda kukocheza. Mphepo inkatsika m'mapiri mwa apo ndi apo, pamwamba pa madzi pali timafunde tothwanima ndi dzuwa, moti pansi sipankaoneka. Sikirini inkati liwiro ndi ma knot 3. Ine ndinaona ngati tikuthamanga kuposa pamenepo, poona mmene madzi ankasefukira kumbuyo, koma ndinakhulupirira nambala.

Madala anaima, botolo lili m'manja, n'kuyang'ana mitengo ya pachilumba, kenako phiri la kumtunda, ngati munthu wofuna kukumbukira malire a munda.

"Bwana, pano si paja panali miyala itatu ija? Tiyeni tizungulire kunja."

Mlamu wanga anayang'ana sikirini. "Musade nkhawa, Madala. Kunsi kwa keel kwatsala mamita awiri. Pakavuta belu litiuza."

Ndinaiona nambalayo ikutsika. Inati 2.0, kenako 1.7, kenako 1.4. Mlamu wanga anayamba kukhotetsa pang'ono, mosafulumira, ngati munthu amene akadali ndi mpata. Inati 1.2.

Phokoso lake sindingaliiwale. Linamveka m'mafupa, ngati galimoto yagunda chitsa. Boti linaima nji pomwepo, mphuno yake n'kuweramira m'madzi, mlongoti n'kugwedera mpaka ndinaganiza kuti uthyoka. Mayi mmodzi mwa alendowo anagwa chafufumimba n'kung'ambika mlomo pa chitsulo. Mbale ndi mabotolo zinauluka. Kenako kunali zii kwa kanthawi, kumangomveka thanga likupupa. Belu silinalire ngakhale kamodzi.

Keel ikagunda mwala boti likuthamanga, imachita ngati mpini wa khasu. Kutsogolo kwake kumakokera pansi, kumbuyo kwake n'kukankhira m'mwamba, kulowa m'mimba mwa boti. Mlamu wanga atatsegula matabwa a pansi, tinaona mng'alu kumbuyo kwa mabawuti a keel, madzi akulowa ngati kasupe wamng'ono. Madala ndi amene anayamba kuganiza bwino. Anauza aliyense kuti avale jekete yoyandamitsa, anatsitsa matanga, anandipatsa ndowa, iwo n'kuimirira pamwamba kukupiza nsalu. Mwamwayi boti la asodzi a chilimira linkadutsa chapatali pobwerera ku Chembe. Anatiponyera chingwe, anatikoka chammbuyo kutichotsa pamwalapo, n'kutikokera pang'onopang'ono mpaka kugombe, ine ndi mlendo mmodzi tikukapa madzi njira yonse osapuma. Palibe anamira. Ndikaganiza kuti zikanachitika kutali ndi gombe, dzuwa litalowa, mwera utakula, mpaka lero thupi limachita tsembwe.

Patapita masiku atatu, boti lili pangolo, ine ndi mlamu wanga tinalowa kunsi kwake ndi tepi yoyezera. Kuchokera pamzere wa madzi kufika pa transducer panali masentimita 40. Kuchokera pa transducer kufika kunsonga ya keel panali mamita 1.1. Tinayang'anana osayankhula. Pamene sikirini inkati 2.0, kunsi kwa keel kunali kutatsala masentimita 90 okha. Pamene inkati 1.2, kunali kutatsala mpata wosakwana chikhatho. Ndipo belu, limene analitchera pa 1.0, likanalira pokhapokha mwala utafika pamtunda wa mita imodzi kuchokera pa transducer, pomwe keel inali itatsika kale kupitirira pamenepo ndi masentimita 10. Kwa miyezi yonse imene tinayenda ndi chipangizo chatsopanocho, belu limenelo silikanatha kulira boti lisanagunde. Chipangizocho sichinaname. Chinayankha molondola funso limene ife sitinkadziwa kuti ndi limene tachifunsa.

Tinasolola kagudumu ka liwiro. Kanali katakulungidwa ndi ndere, ndipo kankhono kakang'ono kanali katakhazikika pakati pa mapiko ake. Kankazungulira movutikira. Mmodzi mwa alendo aja anali atayatsa GPS ya pafoni yake ulendo wonse, ndipo inasonyeza kuti tinkayenda kupitirira ma knot 5. Kusiyana kwa 3 ndi 5 kumaoneka kochepa, koma mphamvu ya kugunda imakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwelo: pa ma knot 5 nkhonya yake ndi pafupifupi katatu ya pa ma knot 3. Ndere sizifunsa mtengo wa chipangizo. Kagudumu ka pa zida zodula kamagwidwa chimodzimodzi ndi ka pa zotchipa, makamaka m'madzi ofunda ngati athuwa. N'chifukwa chake opanga amaikamo chitsekero chapadera, kuti boti likamakhala osayenda, mwini asolole kagudumuko ali m'kati n'kutsekapo, madzi ongokwana kapu imodzi kapena makapu awiri n'kulowa. Chitsekero chathu chinali chikadali m'katoni, m'pulasitiki yake.

Anthu atamva nkhaniyi, ena anati, "Mwaona, zodula n'zachabe, akanangokhala ndi chakale chija." Ine sindivomereza. N'zoona kuti tsiku limenelo chakalecho chikanasonyeza 0.9 pamene chatsopano chinkati 2.0, koma chifukwa chake n'chakuti munthu wina anakhala pansi n'kuchikonza. Chotchipa chosakonzedwa chikanatigundikitsa pamwala womwewo. Ndipo zodula zili ndi ubwino wake weniweni umene sindingaubise. Sikirini yake imawerengeka padzuwa la masana, chinthu chofunika kwambiri kwa munthu amene maso ake ayenera kukhala pamadzi, pa thanga ndi pa nambala nthawi imodzi. Nambala simasowa kawirikawiri boti likapendekeka. Chinyezi sichilowa msanga. Ngati boti lili ndi choyezera mphepo pamwamba pa mlongoti ndi makina odziwongolera okha, zida zimenezi zimafuna kuuzana liwiro kuti ziwerengere mphepo yeniyeni, ndipo apa waya wa NMEA 2000 uja umagwiradi ntchito. Wochita mpikisano, kapena woyenda maulendo ataliatali usiku, ndalama zake sizipita pachabe.

Koma boti la mlamu wanga linalibe choyezera mphepo, linalibenso makina odziwongolera. Linkayenda masana, pakati pa zilumba zooneka ndi maso. Pa ntchito yotere, ndikanakhala kuti ndikulangizanso lero, ndikanati agule choyezera kuya chabwino chimodzi, chosavuta, chowerengeka padzuwa, ndipo ndalama zotsala azisunge. Za liwiro, panyanja yathu pamene madzi sathamanga ngati a mumtsinje kapena a m'nyanja yamchere yokhala ndi kudzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, GPS imakwanira pa maulendo ambiri. Kagudumu kamayeza liwiro la boti podutsa m'madzi, GPS imayeza liwiro poyerekeza ndi nthaka, ndipo pamene madzi ali chiimire ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Zilipo zoyezera liwiro zopanda kagudumu, zogwiritsa ntchito phokoso kapena maginito, koma zambiri n'zodula, ndipo nazonso zimafuna kupukutidwa.

Palinso nkhani ya kutali. Kuno kwathu sungalowe m'sitolo ku Mangochi kapena ku Monkey Bay n'kupeza kagudumu kosinthira kapena sikirini ina. Chilichonse chimachokera ku South Africa kapena ku Ulaya, ndi ndalama zakunja, msonkho ndi kudikira milungu. Chipangizo chotchipa chikafa, ungathe kugula china chathunthu. Zida zolumikizana pawaya mmodzi, mphenzi ikagunda pafupi m'nyengo yadzinja, zingathe kupsera limodzi. Pogula, funsani mtengo wa zosinthira musanafunse za mitundu ya pasikirini, ndipo muitanitsiretu kagudumu kapadera.

Mtundu wa boti nawonso umalamula. Pa boti la fibreglass yokhayokha, yopanda thabwa kapena thovu pakati, transducer ya kuya ingathe kumatidwa m'kati osaboola, phokoso n'kumadutsa m'khoma la boti, ngakhale mphamvu imachepako. Malo abwino amawapeza poika transducer m'jumbo ya madzi n'kumaigunditsa pansi m'malo osiyanasiyana boti lili pamadzi, mpaka nambala itakhazikika. Pa boti la matabwa njira imeneyi sigwira, pamafunika kuboola, ndipo chomangira chake chisakhale cha pulasitiki chifukwa thabwa likafufuma ndi madzi limachiphwanya. Pa boti la aluminiyamu samangapo cha bronze, poti zitsulo ziwirizi zimadyana.

Ndipo pali malire amene zotchipa ndi zodula za mtundu uwu zimagawana. Zonse zimayang'ana pansi penipeni pa boti. Zimakuuza za malo amene wafikapo kale, osati amene ukupita. Pa ma knot 5 boti limadutsa mamita 2.5 pa sekondi iliyonse, choncho mwala woima chilili ngati khoma sudzaoneka pasikirini mpaka utaugunda, ngakhale offset ikhale yolondola. Ziliko zida zoyang'ana kutsogolo, koma mtengo wake ndi wina. Komanso nyanja yathu ndi yakuya kwambiri, chakumpoto imafika pafupifupi mamita 700, pomwe zoyezera za maboti ang'onoang'ono zimalekezera cha m'ma mamita 100 kapena kupitirirako pang'ono. Kufupi ndi Nkhata Bay, ukangochoka pagombe pang'ono, pansi pamasowa, ndipo chipangizo chingathe kugwira gulu la nsomba kapena malire a madzi ofunda ndi ozizira n'kukuuza nambala yabodza. Woyendetsa amene sadziwa zimenezi amachita mantha pamene palibe choopsa, kenako n'kuzolowera kunyalanyaza belu.

Boti linakhala pamtunda miyezi inayi. July ndi August, miyezi imene alendo amachuluka, inadutsa lili pangolo, ana akusewera mumthunzi wake. Panafunika kumasula keel, kupala fibreglass yong'ambika, kumanganso nthiti za pansi ndi kusintha mabawuti, ndipo zipangizo zake zinachokeranso kunja. Ndalama zimene zinapita pamenepo zinaposa mtengo wa chipangizo chakale ndi chatsopano kuphatikiza. Denga la zipinda za alendo silinakonzedwe chaka chimenecho. Mlongo wanga sananene kuti ndinakuuzani. Anangokhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kunatilemera tonse awiri.

Tinalibwezera pamadzi kumayambiriro kwa November, m'mawa kuli bata, nyanja itaphwerako kale. Chipangizo chinali chomwecho chodulacho. Madala anabwera ndi chingwe cha ukonde chimene anamangapo mfundo pa theka la mita lililonse, atachita kuyeza ndi tepi, kumapeto kwake atamangirira chitsulo cha sikelo yakale. Tinapita pamalo amchenga osalala kutsogolo kwa Chembe n'kuponya nangula. Madala anatsitsa chingwe pambali pa boti, molunjika pamene pali transducer, mpaka chitsulo chinakhudza pansi.

"Mfundo zisanu ndi imodzi, Bwana. Mamita atatu."

Sikirini inkati 2.6. Mlamu wanga anatsegula kabuku kaja patsamba la offset, ine ndikumuwerengera mzere ndi mzere, n'kulowetsa nambala yochotsera 1.1. Sikirini inasintha n'kunena 1.5. Tinasuntha boti kupita pamalo ena awiri, pakuya ndi posaya, n'kuyezanso, ndipo chingwe ndi sikirini zinagwirizana. Anatenga cholembera chosafufutika n'kulemba pa kapepala komata, pansi pa sikirini, kuti KUNSI KWA KEEL. Belu analitchera pa mamita 2. Kenako anagwada m'kati, anasolola kagudumu, anakatsuka ndi mswachi wakale n'kukabwezera, ndipo chitsekero chija anachimangirira ndi kachingwe pambali pomwepo.

Pobwerera kumalo athu okochezera, tikadali patali ndithu ndi gombe, belu linayamba kulira. Aka kanali koyamba kulimva. Mlamu wanga anamasula chingwe cha thanga, boti linachepetsa liwiro, ndipo Madala, amene anali ataima kale kutsogolo dzanja lili pa waya wa mlongoti, analoza kumanzere kumene madzi anali oderapo.